Mzukwa Umene Amauona Wezi Yekha

Kunatsala sabata imodzi yokha kuti thenga wa Ignatius afike pakhomo pa Mavis kudzanena mawu a ukwati. Sabata imodzi, abale! Munthu wanzeru akafika pamenepa amayenda ngati wasenza mazira. Koma Ignatius, mphunzitsi wa ku Dedza amene boma linamuponya kuno ku Chintheche, anatulukira Loweruka masana laputopu ili kukhwapa, nkhope ili mwee, akuti wabweretsera mwana filimu ya mzukwa.

"Ya chiyani?" anafunsa Mavis, mpeni wosendera chinangwa utaima m'manja.

"Ya mzukwa. Koma musadzidzimuke, si woopsa uja ayi. Uwu ngwoseketsa. Umabisa masilipasi, umathira mchere m'tiyi. Magazi mulibe, wobayidwa mulibe. Ndaionera kawiri kuti nditsimikize."

"Ndiye kumene mumagula mafilimuko, za ana zonse zatha mpaka mufike pa mzukwa?"

"Wezi si khanda, Mavis. Zaka khumi ndi ziwiri, Sitandade 7. Mukamuikira makatuni amangoyasamula. Ana amsinkhu wake amafuna kanthu kowagwedeza mtima pang'ono, kenako aseke."

Mavis anayang'ana kukhonde kumene mwana wake ankachapa yunifomu. Anamvetsa chimene chinkamuvuta mwamunayu. Chimwalirireni Mackson, bambo ake a Wezi, amene mwera unamugubuduzira bwato kufupi ndi Bandawe zaka zinayi zapitazo, mwanayu sanasekepo ndi mwamuna wina aliyense. Ignatius anayesa mabisiketi, anayesa chikwama cha mabuku, anayesa nthabwala za kwawo. Wezi ankangogwada, kunena "yewu, aphunzitsi," n'kuzemba. Ndipo Mavis, ngakhale ankamukonda Ignatius mpaka kuchita manyazi payekha, anali atamuuza poyera tsiku loyamba lomwe: "Mwana wanga akakukanani, nane ndakukanani."

"Kwanu ku Dedza mizukwa mumaseka nayo?" anatero.

"Kwathu zilombo zimachokera kumanda dzuwa likuswa mtengo, ana n'kumaziwombera m'manja."

"Kuno ndi kunyanja, a Ignatius. Kuno akufa ena sitidziwa kumene anagona."

Mawu amenewo akanagwera munthu wa kuno, bwenzi atatseka laputopuyo pomwepo. Ignatius anangoseka, n'kumugwira chala chaching'ono mobisa kuti mwana asaone. Mavis mtima unafewa. Anavomera.

Anatseka makatani chifukwa cha kuwala. Panja mwera unali ukuwomba, malata akulira. Filimuyo inali ya zomasulira zija, mnyamata mmodzi akuyankhulira anthu onse m'Chichewa, mwamuna ndi mkazi yemwe. Poyamba Mavis anaseka ndithu. Koma isanafike pakati, kuseka kunamuthera. Mzukwawo unali bambo. Bambo womwalira, wobwerera kunyumba kwake, woonekera mwana wake wamkazi yekha. Unkaika chala pamlomo n'kunena kuti, "Usawauze amayi ako." Kumapeto mayiyo anakwatiwa ndi mwamuna wina wabwino, mzukwa unabayibitsa mwana uja, n'kuzimiririka osabweranso.

Wezi sanaseke ngakhale kamodzi. Sanalirenso. Anakhala pamphasa ali njo, maso ali pa laputopu yozima.

"Aphunzitsi," anatero. Aka kanali koyamba kuti ayambe yekha kuyankhula ndi Ignatius. "Munthu akafa n'kumaonekera mwana yekha, ndiye kuti ndi mzukwa?"

"Ndi m'filimu chabe, Wezi. Zopeka."

"Nanga mzukwa umamera ndevu?"

Ignatius anaseka mpaka kudzimenya pantchafu. "Ayi, mwanawe. Mzukwa sukalamba, sumeta. Mmene unafera ndi momwemo."

Wezi anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kudzuka kutuluka.

"Mwaona?" ananong'ona Ignatius, chimwemwe chili tho. "Wandiyankhula! Ndinakuuzani kuti ndi yoyenera."

Mavis anasuzumira pakhomo pamene Wezi anatulukira.

*

Lamulungu Wezi anakana kupita kugolosale ya abambo ake aakulu, a Peterson, kumene ankapita sabata iliyonse akatuluka m'tchalitchi. Lolemba anasiya kondowole m'mbale. Lachiwiri anagwetsa ndowa pachitsime chifukwa foni ya mayi wina inalira pafupi naye.

Lachitatu anzake onse anabwerako kuchokera kusukulu, iye ayi. Mavis anafunsa nyumba ndi nyumba, mpaka amayi ena ochokera kokatola nkhuni anamulozera njira ndi milomo, osafuna kutchula dzina la malowo.

Anamupeza kumanda. Mwana, yekhayekha, masanasana, yunifomu ili m'thupi! Anali atagwada pa chiliza cha bambo ake, khutu ataligunditsa pasimenti ngati munthu womvetsera zokamba za m'chipinda china.

"Wezi! Ukutani kuno?"

"Palibe, ama."

"Palibe? Kumanda amabwerako mwana wopanda akulu? Ukufuna anthu anene kuti chiyani?"

Wezi anasansa mchenga m'mawondo, n'kutsogola. Mavis anachita mantha amene sanawamvepo chiikireni maliro aja.

*

Ya pakamwa ilibe miyendo koma imafika msanga. Lachinayi m'mawa kumsika, Mavis akusankha tomato, anamva fungo la perefyumu kumbuyo kwake. Sanachite kutembenuka kuti adziwe kuti ndi Jackie, mlangizi wa zaumoyo wochokera ku Zomba, amene nyumba yake inayandikana ndi ya Ignatius. Mkazi ameneyu anamuphikira Ignatius mpunga wa ku Limphasa chaka chathunthu, mphunzitsi n'kudya, n'kuthokoza, n'kukafunsira wina. Chilonda chake chinali chisanapole.

"Asisi, pepanitu ndi matenda a mwana," anatero Jackie, mawu ali ngati uchi.

"Mwana wanga sakudwala."

"Aaa, ndiye ndamva molakwa. Akuti akucheza ndi akufa. Inetu ndinawachenjeza a Igi."

"Munawachenjeza chiyani a Ignatius?"

"Za filimu ija. Tinaonera limodzi kwanga Lachisanu, sanakuuzeni? Ine ndinati, a Igi, kwa ana ena aakulu ilibe vuto, koma mwana wamasiye musamuonetse zimenezi. Iwo akuti ayi, ndiyo yabwino imeneyi, imuphunzitsa kutsanzikana ndi bambo ake kuti ine ndilowe bwino m'nyumba." Anatola tomato mmodzi, kumufinya, n'kumubweza. "Aphunzitsitu sasiya kuphunzitsa, asisi. Ngakhale pachibwenzi amabwera ndi phunziro."

Mavis anamva ngati wina wamuthira madzi otentha kumsana. Anafika kuseri kwa chigayo, n'kutulutsa foni, n'kumuimbira Ignatius.

"Munaionera kawiri. Kachiwiriko munali ndi ndani?"

Yankho linachedwa. Kenako: "Mavis, sizili momwe mukuganiziramo. Ndinangofuna maganizo a munthu wa zaumoyo."

"Ndipo anati chiyani?"

Ignatius anayamba kuzungulira nkhani, Mavis n'kumudula.

"Mawa mukaweruka mundipeze pamtengo wa mango wa pasiteji. Kunyumba musafike."

*

Madzulo asanakwane, a Peterson anali atakhala kale pakhonde, chipewa chili pabondo. Awa anali akulu ake a malemu Mackson. Zaka zitatu zathunthu anazengereza mwambo womasula Mavis ku umasiye, lero akuti mvula, mawa akuti abale sanasonkhane, mpaka akuluakulu a mpingo anachita kulowererapo. Anthu ankanong'ona kuti akumufuna okha mlamu wawoyo. Koma a Peterson sanamunenepo Mavis mawu achikondi ngakhale amodzi. Ankangotseka njira basi, osanena chifukwa. Tsopano chifukwa anachipeza.

"Mlamu, ndinanena ine. Munthu wobwera sadziwa pamene pali dzenje. Magazi a mng'ono wanga akukagona pamanda chifukwa cha mphunzitsi wanuyo. Thenga wake asaponde pano Loweruka."

"Thenga akudzaonana ndi asibweni anga a Enos, alamu. Inu mwaitanidwa mwaulemu chabe."

"Ulemu womwewo ndikuukana." Anapukuta thukuta pamphumi, chonsecho mwera unali ukuzizira mpaka m'mafupa. Kenako anatsitsa mawu. "Kodi mwanayo wanena chiyani?"

"Za chiyani?"

"Chilichonse. Kumandako ankatani? Wakuuzani kanthu?"

"Sakuyankhula."

A Peterson anapumira m'mwamba, ndipo Mavis anaona bwinobwino kuti kunali kupuma kwa munthu amene wapulumuka. Anadabwa. Wezi atatulukira ndi mtolo wa nkhuni n'kuwaona abambo ake aakuluwo, anaponya nkhunizo pansi, n'kuthawira kuseri kwa bafa.

*

Lachisanu pasiteji makondakitala anali kukuwa za ku Nkhata Bay ndi ku Dwangwa. Ignatius anafika choko chili m'malaya, maso ofiira ngati sanagone.

"Ndinalakwa kupita kwa Jackie," anayamba. "Koma ndikulumbira, palibe chimene..."

"Za Jackie zisiyeni, sindiye wandiwawa. Ndiuzeni chimodzi. Filimu ija munaisankha dala?"

Ignatius anayang'ana nsapato zake. "Dala."

"Mayo ine."

"Ndimaganiza kuti imuthandiza, Mavis. Ine bambo anga anamwalira ndili ndi zaka khumi. Ndinawaona m'bokosi, ndinaponya dothi, ndinalira, zinatha. Ndimati Wezi akaona kuti bambo womukonda angathe kumusiya m'manja mwa wina mosangalala, mtima wake umasuka. Ndinafufuza zonse. Mulibe zolaula, mulibe zoopsa. Ana a m'kalasi mwanga amaonera zoposa pamenepo."

"Munafufuza zonse, koma ine simunandifunse. Safunsa anadya phula, a Ignatius. Inu munawaona bambo anu m'bokosi. Mukudziwa chimene chili m'manda a Mackson?"

Ignatius anakweza maso.

"Thunthu la nthochi." Mavis anadziyankha yekha. "Anapeza bwato lokha, nyali ikadali yomangirira. Asodzi anasaka masiku asanu ndi anayi. Nyanja ikakana kubweza munthu, kuno timadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'nsalu, kuliika m'bokosi, n'kuliimbira nyimbo zonse za maliro. Ndinalira thunthu la nthochi ine. Wezi anali ndi zaka zisanu ndi zitatu, tinamuuza kuti ada ake ali m'menemo. Mpaka lero sadziwa."

"Bwanji simunandiuze?"

"Chifukwa kuno aliyense amadziwa, ndipo palibe amazitchula. Ndinaiwala kuti inu ndinu a kumapiri, kumene akufa onse amagona pamene mwawaika."

Ignatius anakhala pamuzu wa mango, mutu uli m'manja. Mavis anamumvera chisoni, ndipo chisonicho chinamukwiyitsanso, chifukwa ankafuna kumuda koma sizinkatheka.

"Ndimuuze thenga adikire?" anafunsa Ignatius motsitsa.

"Ayi. Ndadikira zaka zinayi, a Peterson asasangalale. Mawa abwere. Koma m'mawa ndimufunsa Wezi. Akati ayi, thenga wanu abwerera panjira, ndipo inu ndi ine tizingopatsana moni wa kutchalitchi."

"Mavis, ndimakukondani."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake zikundiwawa."

*

Loweruka kunacha kwa mitambo. Pofika naini koloko asibweni a Enos anali atakhala pakhonde ndi jekete lawo la kutchalitchi, a Peterson nawo, ngakhale anakana paja, ali pambali pawo nkhope ili ndwii. Mavis anamutengera Wezi kuseri kwa nyumba, kumukhazika pakati pa miyendo yake, n'kuyamba kumuluka tsitsi. Mwana amayankhula bwino ngati sakukuyang'ana m'maso.

"Wezi, lero kukubwera munthu wa aphunzitsi kudzapempha kuti ndikhale mkazi wawo. Ndinalonjeza kuti sindichita kanthu iwe usanavomere. Ukuti bwanji?"

Khosi la mwanayo linauma pansi pa zala zake.

"Ayi, ama."

Mavis anatseka maso. Basi, zatha. Anapitiriza kuluka. "Chabwino, mwanangu. Ndamva. Koma undiuze, aphunzitsi anakulakwira chiyani?"

"Palibe. Ndi abwino. Ndimawafuna."

"Nanga?"

"Mukakwatiwa, ada azimiririka ngati a m'filimu aja. Sindidzawaonanso."

"Ada ako anapita kalekale, Wezi. Zija n'zopeka."

"Ine ndimawaona."

Chipeso chinagwa pansi. Mphepo inagwedeza masamba a chinangwa, ndipo Mavis anamva tsitsi lake lomwe likuimirira.

"Kutulo?"

"Ayi. Pafoni ya ada Peterson. Lamulungu, kuseri kwa golosale, akatseka chitseko." Tsopano mawu anali kutuluka ngati madzi a mumpopi wothyoka. "Chiyambire chaka chatha. Amavala chijekete chofiira, kumene ali kumazizira. Amandifunsa za kusukulu. Amaika chala pamlomo, amati usawauze ama ako, ukanena sudzandionanso. Ndimadabwa, ama, kuti munthu ali m'manda akuoneka bwanji pafoni. Ada Peterson amangoti ndi chinsinsi cha akulu. Ndiye nditaona filimu ija ndinadziwa kuti ndi mzukwa, chifukwa ndimawaona ine ndekha, ndipo amanena mawu omwe aja."

Mavis anatola chipeso, koma sanalukenso.

"Koma aphunzitsi anati mzukwa sumera ndevu," anapitiriza Wezi, misozi ikuyenderera. "Ada ali ndi ndevu tsopano, zina zoyera. Ndiye ndinapita kumanda kukamvetsera ngati alimo. Ama, m'mene muja mulibe phokoso lililonse. Ada ndi mzukwa kapena si mzukwa?"

Zaka zinayi! Chaka chathunthu cha zovala zakuda. Nyimbo zonse zija, chiliza chimene ankachilambula ndi manja ake chaka ndi chaka, usiku wonse umene anatukwana nyanja. Ndipo a Peterson, kuzengereza kwawo konse kuja, thukuta lawo la Lachinayi lija. Mavis sanamve chimwemwe ngakhale pang'ono. Anamva mkwiyo, ndi mantha oposa aja a kumanda.

Anadzuka, luko lili theka, n'kuzungulira nyumba atamugwira mwana padzanja. Kumtunda, m'kanjira kodutsa m'minda ya chinangwa, kunali kutsika bambo wa suti yotuwa, ambulera m'manja. Thenga wa Ignatius.

Ndipo nthawi yomweyo m'thumba la a Peterson munalira foni, kanyimbo kachilendo ka malipenga. Wezi anafinya dzanja la amayi ake.

"Ndi iwowo, ama. Nyimbo imeneyo ndi ya ada okha."

A Peterson anaitulutsa mwachangu kuti aidule, koma zala zinawapereka, foni n'kugwera pasimenti pafupi ndi phazi la Mavis. Mavis anaiponda ndi chala, n'kuitola. Dzina panalibe. Panali nambala yaitali ya ku Joni.

"Mlamu, bweretsani kuno! Mlamu, ndikupemphani..."

"Kodi kwagwanji?" anafunsa asibweni a Enos.

Mavis anadina, n'kuika foniyo kukhutu, osanena kanthu. Kunamveka phokoso la magalimoto akutali, kenako kutsokomola kumene akanakuzindikira ngakhale pakati pa anthu chikwi.

"Akulu," anatero mawu amene Mavis anawaika m'manda zaka zinayi zapitazo, "mwamubweza munthu uja? Muwauze kuti mkazi ameneyo ali ndi mwini wake."

Kumbuyo kwake, pampata wa mpanda, thenga anapinda ambulera, anakonza tayi, n'kuwomba m'manja mwaulemu wonse.

"Odi kuno, eni nyumba!"